Mafunso ndi mayankho: kutsatira nkhani za osewera ndi aphunzitsi a Arsenal

Awa ndi mafunso amene masapota a Arsenal amafunsa mobwerezabwereza, makamaka msika wa osewera ukatsegulidwa kapena timu ikagonja. Tayamba ndi osavuta, kenako tafika ku malamulo ndi ndalama. Pamene yankho lili kale pa funso lina, takulozerani komweko.

Kodi nkhani zodalirika za timuyi zimapezeka kuti?

Wosewera amakhala wa Arsenal pokhapokha timuyo ikalengeza yokha pa webusaiti yake kapena pa masamba ake a mchezo. Pansi pa timuyo pali atolankhani ochepa amene amalankhula mwachindunji ndi akuluakulu a matimu ndi maejenti, monga David Ornstein wa The Athletic, a BBC Sport, ndi Fabrizio Romano. Iwowa amalakwitsa mwa apo ndi apo, komabe akanena kuti matimu agwirizana, nthawi zambiri zimachitikadi. Ena onse amangotola zimene awa alemba n'kuthirako mchere.

Nkhani zina zazikulu sizimveka n'komwe mpaka tsiku lake. Mu Julayi 2001 atolankhani anasonkhana akuganiza kuti akaonetsedwa goloboyi Richard Wright, koma amene anatulukira pambali pa mphunzitsi Arsène Wenger anali Sol Campbell, kaputeni wa Tottenham.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti nkhani imene ikuzungulira pa WhatsApp ndi yabodza?

Yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina la tsambalo, chilembo ndi chilembo, chifukwa onyenga amasintha chilembo chimodzi pa dzina la mtolankhani wotchuka n'kuikapo chithunzi chake. Chachiwiri ndi tsiku: nkhani za zaka ziwiri zapitazo zimabwereranso ngati zatsopano msika uliwonse. Chachitatu ndi chithunzi. Wosewera kuoneka atavala jezi yofiira si umboni, aliyense wodziwa kompyuta angathe kumuveka.

Mawu oikidwa pa chithunzi cha mphunzitsi popanda kanema kapena dzina la nyuzipepala imene anayankhula nayo, atayeni. Ndipo uthenga wokuuzani kuti mudine linki kuti mupate jezi kapena bandulo yaulere kuchokera ku Arsenal ndi wa akuba.

Nthawi ya ku England imasiyana bwanji ndi ya kuno?

Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, ndipo sasintha wotchi. England imasintha kawiri pa chaka. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala tili patsogolo ndi ola limodzi. Miyezi yotsalayo tili patsogolo ndi maola awiri. Masewero a 3 koloko masana ku London amayamba 4 koloko kuno mu Ogasiti, koma 5 koloko mu Disembala. Mayina a osewera oyamba amatuluka kutatsala mphindi 75 kuti mpira uyambe, choncho mndandanda uliwonse umene mwauona m'mawa ndi wongopeka.

Msika wa osewera umatsegulidwa liti?

Kawiri pa chaka. Waukulu umayamba mu Juni n'kutsekedwa kumapeto kwa Ogasiti kapena tsiku loyamba la Seputembala. Waung'ono umatenga mwezi wa Januwale, nthawi zina n'kulowako masiku ochepa mu Febuluwale. Ola lotsekera limasintha: pa 3 Febuluwale 2025 unatsekedwa 11 koloko usiku ku England, kuno ili 1 koloko m'bandakucha, pamene pa 1 Seputembala 2025 unatsekedwa 7 koloko madzulo, kuno ili 8 koloko.

Matimu amene agwirizana mochedwa amatumiza ku Premier League kapepala kotchedwa deal sheet, kamene kamawapatsa maola awiri owonjezera kuti amalize mapepala. N'chifukwa chake wosewera amatha kulengezedwa msika utatsekedwa kale. Kumbukiraninso kuti misika ya mayiko ena, monga Turkey ndi Saudi Arabia, imatsekedwa pa masiku ake. Msika wa ku England ukatsekedwa, Arsenal singagule, koma ingathe kugulitsabe kumeneko. Wosewera amene alibe timu angathe kusainidwa ngakhale msika uli wotseka.

Atolankhani anena kuti agwirizana. Bwanji timu sikulengeza?

Kugula wosewera kuli ndi masitepe angapo, ndipo mawu akuti "agwirizana" angatanthauze sitepe iliyonse mwa iwo.

Poyamba matimu awiriwo amagwirizana mtengo ndi kalipiridwe kake. Kenako Arsenal imagwirizana ndi wosewerayo za malipiro a pa sabata, kutalika kwa kontrakiti ndi mabonasi. Kwenikweni zimenezi zimakambidwa mseri ndi ejenti kalekale, ngakhale lamulo limaletsa kukambirana ndi wosewera wa eni popanda chilolezo. Chelsea, José Mourinho ndi Ashley Cole analipitsidwa chindapusa mu 2005 chifukwa chokumana pa hotelo ina ku London Cole akadali wa Arsenal. Ejenti nayenso amakhala ndi gawo lake, ndipo mapangano ambiri amafera pomwepa.

Zikatha izi pamabwera medical: madokotala amapima mtima, magazi, mawondo, akakolo ndi malo onse amene anavulalapo kale. Zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Akapeza vuto, timu ingathe kusiya, kapena kubwerera kukanenerera mtengo. Kupimaku si mwambo chabe. Nwankwo Kanu anapezeka ndi vuto la mtima mu 1996 atangofika ku Inter Milan, anachitidwa opaleshoni, ndipo mu 1999 anadzasewera ku Arsenal.

Pomaliza ndi mapepala. Ngati wosewera akuchokera kunja kwa England, matimu onse awiri amalowetsa tsatanetsatane wa pangano mu kompyuta ya FIFA yotchedwa TMS, ndipo zolemba zawo zikasiyana ngakhale pang'ono, chikalata chomusamutsa sichituluka. Wakunja amafunikanso chilolezo chogwirira ntchito (onani funso la osewera a ku Malawi). Kulengezako kumatha kuchedwanso tsiku limodzi pa chifukwa chaching'ono: akujambula zithunzi ndi makanema.

Bwanji nyuzipepala zimatchula mitengo yosiyana ya wosewera mmodzi?

Matimu ambiri salengeza mtengo, ndiye aliyense amauza atolankhani nambala yomukomera. Wogulitsa amatchula ndalama zonse pamodzi ndi zowonjezera, wogula amatchula zotsimikizika zokha. Declan Rice anachoka ku West Ham mu 2023 pa £100 miliyoni, kuphatikizapo £5 miliyoni yodalira zinthu zina, n'chifukwa chake ena amalemba 100, ena 105. Zowonjezerazi zimalipidwa wosewera akakwanitsa masewero akutiakuti, kapena timu ikalowa Champions League, kapena ikatenga ligi. Zina sizilipidwa mpaka kalekale.

Ndalamazo sizituluka tsiku limodzi, zimalipidwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Onaninso ngati nambalayo ili mu mapaundi kapena mu mayuro. Pamene wosewera wachoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23.

Release clause n'chiyani?

Ndi mtengo wolembedwa mu kontrakiti, woti timu ina ikaulipira, eni wosewerayo sangakanize. Ku Spain kontrakiti iliyonse imakhala nawo. Pa 5 Okutobala 2020, tsiku lotseka msika, Arsenal inalipira €50 miliyoni ku ofesi ya La Liga n'kutenga Thomas Partey, Atlético Madrid yopanda chonena. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama zotere zimafunika zonse nthawi imodzi, ndiye matimu ena amalolera kulipira zoposerapo pang'ono kuti azilipira mwapang'onopang'ono.

Ku England zimadalira mmene mawuwo analembedwera. Mu 2013 Arsenal inapereka £40 miliyoni ndi paundi imodzi pamwamba pofuna Luis Suárez, poganiza kuti yadutsa mtengo wa mu kontrakiti. Liverpool inakana, ikunena kuti mawuwo sakuikakamiza kugulitsa. Suárez anatsala, ndipo chaka chotsatira anapita ku Barcelona.

Wosewera akapita pa ngongole, amakhala wa ndani?

Amakhalabe wa timu imene ili ndi kontrakiti yake. Matimu awiriwo amagwirizana za ndalama yobwerekera ndi mmene agawanirane malipiro. Ngongole zilipo za mitundu itatu: yongobwereka basi, yokhala ndi mwayi wogula, ndi yokakamiza kugula.

William Saliba anagulidwa mu 2019 koma anayamba kusewera mu ligi ya England mu 2022, atabwerekedwa ku Saint-Étienne, Nice ndi Marseille. Martin Ødegaard anabwera pa ngongole kuchokera ku Real Madrid mu Januwale 2021 popanda mwayi wogula, anabwerera, kenako Arsenal inakambirana mwatsopano n'kumugula mu Ogasiti. David Raya anabwera mu 2023 kuchokera ku Brentford ndi mwayi wogula, ndipo anagulidwa mu 2024. Kuchita chonchi kunakankhira mtengo wake m'mabuku a chaka chotsatira.

Timu ya mu Premier League singakhale ndi osewera oposa awiri obwereka ku matimu anzake a mu ligi yomweyo nthawi imodzi, ndipo wobwerekedwa sasewera mu ligi polimbana ndi eni ake. Mu 2024/25 malo awiriwo anatengedwa ndi Raheem Sterling wa Chelsea ndi Neto wa Bournemouth. Neto anali atasewerako kale Carabao Cup ku Bournemouth, ndiye malinga ndi malamulo a chaka chimenecho sakanatha kusewera chikhocho ku Arsenal. Umu ndi mmene Jack Porter, mnyamata wa zaka 16, anapezekera pagolo pokumana ndi Bolton.

Zimatheka bwanji wosewera wabwino kuchoka ulere?

Kuyambira chigamulo cha Bosman cha 1995, kontrakiti ikatha wosewera amapita kumene akufuna popanda timu yake kulandira kanthu. Malamulo a FIFA salola kontrakiti yoposa zaka 5 pokhapokha ngati malamulo a dzikolo akulola, ndipo kwa osakwana zaka 18 malire ndi zaka 3. Makontrakiti ambiri amatha pa 30 Juni. Ikatsala miyezi 6, wosewera angathe kusainirana ndi timu ya kunja. Aaron Ramsey anatero ndi Juventus mu Febuluwale 2019 akusewerabe ku Arsenal.

N'chifukwa chake nkhani ya kontrakiti imayamba kutentha kukatsala zaka ziwiri. Kukatsala chaka chimodzi mtengo umagwa, ndipo timu imasankha pakati pa kugulitsa motchipa ndi kumutaya ulere. Robin van Persie anagulitsidwa ku Manchester United mu 2012 kutatsala chaka, n'kukatenga nayo ligi. Alexis Sánchez anasinthanitsidwa ndi Henrikh Mkhitaryan mu Januwale 2018 kutatsala miyezi 6, ndipo palibe timu imene inapindula.

Njira ina ndi kuthetsa kontrakiti mogwirizana, nthawi zambiri timu itamulipirako wosewerayo kuti achoke. Zinatero ndi Mesut Özil mu 2021, Pierre-Emerick Aubameyang mu 2022, ndi Nicolas Pépé mu 2023, amene anagulidwa pa £72 miliyoni. Mawu akuti ulere asakunamizeni: wofika popanda mtengo amafuna malipiro okwera ndi ndalama yosainira.

Wosewera sanavulale, koma sakupezeka ngakhale pa benchi. Chikuchitika n'chiyani?

Mwina mphunzitsi sakumufuna, koma mwinanso sanalembetsedwe. Msika ukatsekedwa, timu iliyonse imapereka mayina osaposa 25 ku Premier League, ndipo mwa amenewa osaposa 17 ndiwo angakhale oleredwa kunja. Woleredwa pakhomo ndi amene analembetsedwa ku timu ya ku England kapena Wales kwa zaka zitatu asanapitirire zaka 21. Dziko lobadwira lilibe ntchito apa: Cesc Fàbregas wa ku Spain ankawerengedwa wapakhomo chifukwa anafika ali ndi zaka 16, chimodzimodzi Gabriel Martinelli wa ku Brazil amene anafika ali ndi 18. Osakwana zaka 21 salowa m'chiwerengero cha 25.

Özil anasiyidwa pa mndandanda mu Okutobala 2020, ndipo sanaseweretsedwenso ngakhale ankalandira malipiro ake onse. UEFA ili ndi mndandanda wakewake, choncho munthu angathe kusewera ligi koma osaloledwa mu Champions League.

Wavulala. Abwerera liti?

Zimadalira chimene chavulala, ndipo timu sifulumira kutchula tsiku. Mphunzitsi Mikel Arteta makamaka amadziwika ndi kubisa, kuti otsutsana naye asadziwe. Ziwerengero zodziwika ndi izi: mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu ukangokokeka, sabata imodzi mpaka zitatu, ukang'ambika mpaka kufuna opaleshoni, pafupifupi miyezi itatu. Bukayo Saka anavulala motero pa Crystal Palace mu Disembala 2024, anabwerera pa 1 Epulo 2025 n'kugoletsa pokumana ndi Fulham. Mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL ukaduka, werengani miyezi 6 mpaka 9 kapena kuposa. Jurriën Timber anauvulaza pa masewero ake oyamba a ligi mu Ogasiti 2023, anabwerera tsiku lotseka sizoni mu Meyi 2024.

Mawu a timu ali ndi masitepe ake. Kuthamanga yekha pa kapinga ndi chiyambi chabe. Kenako amalowa pang'ono m'maphunziro a gulu, kenako mokwanira, kenako pa benchi kwa mphindi 20. Chithunzi cha wosewera akumwetulira ku London Colney, kumene timu imachitira maphunziro, sichitanthauza kuti Loweruka ayamba. Akamufulumizitsa, malo omwewo amang'ambikanso, kapena mnofu wina umene unafooka pogona umavulala.

Pali kuvulala kumene kumasintha moyo wonse wa wosewera. Abou Diaby anathyoledwa kakolo ku Sunderland mu 2006 ndipo thupi silinabwerere mwakale. Eduardo anathyoka mwendo ku Birmingham mu 2008, Ramsey ku Stoke mu 2010. Santi Cazorla anasewera komaliza mu timu ya Arsenal mu Okutobala 2016. Bala la kuchidendene linalowa tizilombo timene tinadya masentimita 8 a mtsempha. Ambiri ankati watha, koma anadzasewera ku Villarreal, ndipo mu 2025 anathandiza Real Oviedo, timu ya kwawo, kulowa mu La Liga.

Makhadi angati amaletsa wosewera kusewera?

Achikasu 5 m'masewero 19 oyamba a ligi, amaphonya masewero amodzi. Akafika 10 pofika masewero a nambala 32, amaphonya awiri. Khadi yofiira yobwera ndi achikasu awiri, kapena yogwetsa munthu amene amakagoletsa, ndi masewero amodzi. Yotukwana oyimbira, awiri. Yomenya kapena kuponda moopsa, atatu. Timu ingathe kudandaula za khadi yofiira yachindunji, monga mmene inachitira ya Myles Lewis-Skelly pa Wolves mu Januwale 2025, imene inafufutidwa. Ya achikasu awiri sidandaulidwa. Makhadi a mu Champions League amawerengedwa paokha.

N'chifukwa chiyani timu imagulitsa ana oleredwa pakhomo?

Yankho lili m'mabuku a ndalama. Mtengo wogulira wosewera umagawidwa pa zaka za kontrakiti yake: £100 miliyoni ya Rice pa zaka 5 imalembedwa ngati £20 miliyoni chaka chilichonse. Koma ndalama yogulitsa imalembedwa yonse chaka chomwecho, kuchotsapo zimene zatsala pa mtengo umene anagulidwira. Mwana wa ku Hale End, sukulu ya mpira ya Arsenal, sanagulidwe, ndiye chilichonse chimene timu yalandira ndi phindu. Kugulitsa mmodzi pa £25 miliyoni kumatsegula mpata wogula wina wa £100 miliyoni m'mabuku a chaka chimenecho. Alex Iwobi, Joe Willock, Folarin Balogun, Emile Smith Rowe ndi Eddie Nketiah onse anachoka atabweretsa ndalama zotere.

Malamulowa ali ndi mano. Mu 2023/24 Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi chifukwa choluza ndalama zoposa malire. Kwa timu yokhazikika mu ligi malirewo anali £105 miliyoni pa zaka zitatu. UEFA nayo imafuna kuti malipiro, mitengo ya osewera ndi za maejenti zisapose 70 peresenti ya zimene timu imapeza. Choncho mawu akuti mwini timu ndi wolemera, angotulutsa ndalama, sakwanira.

Si onse amagulitsidwa. Saka ndi wa ku Hale End, ndipo Ethan Nwaneri analowa pa Brentford mu Seputembala 2022 ali ndi zaka 15 ndi masiku 181. Kulakwitsa kumachitikanso: Serge Gnabry anapita ku Werder Bremen mu 2016 pa ndalama zochepa, ndipo mu 2020 anatenga Champions League ndi Bayern Munich.

Kodi Arsenal ingagule wosewera kuchokera mu ligi ya ku Malawi?

Luso palokha silikwanira, pali chilolezo chogwirira ntchito. Wakunja aliyense amafunika chivomerezo cha FA, bungwe loyendetsa mpira ku England. Amadutsa mosavuta amene amasewera kawirikawiri m'timu ya dziko limene lili pakati pa 1 ndi 50 pa mndandanda wa FIFA. Ena onse amafunika mapointi 15, owerengedwa kuchokera pa mphamvu ya ligi imene akusewera, mphindi zimene wasewera, ndi zikho za makontinenti. M'zaka zaposachedwazi Flames yakhala kunja kwa matimu 100 oyamba, ndipo ligi ya kwathu siili m'gulu la maligi opatsa mapointi ambiri. Kuyambira 2023 timu imaloledwa osewera ochepa osakwanitsa mapointi, koma malo amenewa ndi osaposa anayi. Chichokereni Britain mu European Union, matimu a ku England sangasainenso wakunja wosakwana zaka 18.

Njira yodziwika ndi yodzera m'maligi ang'onoang'ono a ku Ulaya. Patson Daka ndi Enock Mwepu a ku Zambia anadzera ku Salzburg asanafike ku Leicester ndi Brighton mu 2021. Marvelous Nakamba wa ku Zimbabwe anadzera ku France, Netherlands ndi Belgium asanafike ku Aston Villa. Arsenal yomwe inapsapo pa nkhaniyi: Joel Campbell anamanidwa chilolezo mu 2011 n'kuyamba kuzungulira pa ngongole, ndipo Takuma Asano anagulidwa mu 2016 n'kuchoka osasewerapo. Nkhani ya Kolo Touré, amene anachoka ku ASEC Mimosas mu 2002 pa £150,000 atangoyesedwa, ingavute kuchitika lero.

Amagula osewera ndani, mphunzitsi kapena akuluakulu?

M'nthawi ya Wenger pafupifupi zonse zinali m'manja mwake, mothandizidwa ndi David Dein mpaka 2007. Atachoka, timu inagawa mphamvu. Unai Emery anali head coach, kutanthauza kuti ntchito yake inali pabwalo, ogula anali ena. Arteta anayambanso choncho mu Disembala 2019, koma atatenga FA Cup mu 2020 anakwezedwa kukhala manager, wokhala ndi mawu pa zogula. Amagwira ntchito ndi mkulu woona za masewero: Edu mpaka Novembala 2024, kenako Andrea Berta kuyambira Malichi 2025. Ndalama zazikulu zimavomerezedwa ndi eni timu, banja la Kroenke la ku America, limene linatenga timu yonse mu 2018. Wosewera akakanika, kuloza chala mphunzitsi yekha n'kuphonya theka la nkhani.

Pabwalo napo si munthu mmodzi. Zigoli za pa kona zimene Arsenal yatchuka nazo ndi ntchito ya Nicolas Jover, amene anabwera mu 2021.

Aphunzitsi akale anapita kuti?

Wenger anafika mu 1996 kuchokera ku Nagoya Grampus ya ku Japan, anatsogolera masewero 1,235, anatenga ligi mu 1998, 2002 ndi 2004 ndi FA Cup kasanu ndi kawiri. Mu 2003/04 timu inapambana masewero 26, kufanana mphamvu 12, osagonja. Anachoka mu 2018, ndipo mu Novembala 2019 anayamba ntchito ku FIFA yoyang'anira chitukuko cha mpira. Chiboliboli chake chinaikidwa pa bwalo la timuyi la Emirates mu 2023.

Emery anafikitsa timu mu fainolo ya Europa League mu 2019, anagonja 4-1 ndi Chelsea, ndipo anachotsedwa mu Novembala chaka chomwecho, Freddie Ljungberg n'kugwirizira. Mu 2021 anatenga chikho chomwecho ndi Villarreal atatulutsa Arsenal mu semifainolo, kenako anapita ku Aston Villa mu 2022. George Graham anatenga ligi mu 1989 ndi 1991, anachotsedwa mu 1995 pa nkhani yolandira ndalama kwa ejenti, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa Leeds ndi Tottenham. Bruce Rioch anakhala chaka chimodzi chokha, koma ndi m'nthawi yake pamene Dennis Bergkamp anafika.

Nanga osewera akale akuchita chiyani?

Ambiri analowa uphunzitsi, ndipo zasonyeza kuti kudziwa kusewera ndi kudziwa kuphunzitsa n'zosiyana. Thierry Henry, amene zigoli zake 228 ndi zochuluka kuposa za wina aliyense m'mbiri ya timuyi, sanakhalitse ku Monaco, koma anatenga mendulo ya siliva ndi France pa Olympics ya 2024. Ambiri amamuona akuthirira ndemanga pa TV. Patrick Vieira waphunzitsapo New York City, Nice, Crystal Palace, Strasbourg ndi Genoa. Touré anakhala miyezi iwiri yokha ku Wigan. Fàbregas ndiye zamuyendera, ku Como ya ku Italy. Van Persie anatenga Feyenoord mu Febuluwale 2025. Jack Wilshere anayambira pa timu ya Arsenal ya osakwana zaka 18, ndipo mu Okutobala 2025 anapatsidwa Luton. Per Mertesacker anakhala mkulu wa sukulu ya mpira ya Arsenal atangosiya kusewera mu 2018. Arteta mwiniwake anasewera ku Arsenal kuyambira 2011 mpaka 2016, kenako anakhala wothandiza Pep Guardiola ku Manchester City.

Ian Wright ali pa TV. Kanu anakhazikitsa bungwe lothandiza ana odwala mtima. Özil, Emmanuel Adebayor ndi Theo Walcott onse anasiya kusewera mu 2023. Maudindo a uphunzitsi amasintha msanga, choncho musanakangane ndi mnzanu onani tsiku la nkhaniyo, monga tanenera pa funso lachiwiri.

Ena anatisiya. David Rocastle anamwalira pa 31 Malichi 2001 ali ndi zaka 33, ndipo masapota amamukumbukira chaka chilichonse. José Antonio Reyes anafa pa ngozi ya galimoto mu Juni 2019, Kevin Campbell anamwalira mu Juni 2024.

Bwanji ena akale amaomberedwa m'manja akabwera ndi timu ina, ena amakuwizidwa?

Chimene masapota amayang'ana ndi kumene munthu wapita ndi mmene wachokera. Henry anapita ku Barcelona mu 2007 atatumikira zaka 8, anabwereranso pa ngongole mu Januwale 2012 n'kugoletsa pokumana ndi Leeds. Sol Campbell, Jens Lehmann ndi Mathieu Flamini nawonso anabwererapo. Cole, Samir Nasri ndi Van Persie anapita kwa olimbirana nawo ligi. Adebayor anawonjeza moto mu 2009 pamene anagoletsera Manchester City n'kuthamanga bwalo lonse kukasangalala pamaso pa masapota a Arsenal. Za Fàbregas anthu amagawanika: pochoka ku Barcelona mu 2014 Arsenal inali ndi mwayi woyamba womugula, sinaugwiritse ntchito, ndiye anapita ku Chelsea.

Mitima imathanso kusintha. Granit Xhaka anakangana ndi masapota potuluka m'bwalo mu Okutobala 2019, koma pochoka mu 2023 ankamuimbira nyimbo.

Kaputeni amasankhidwa bwanji, ndipo angalandidwe udindo?

Mawu omaliza ndi a mphunzitsi, ngakhale ena amafunsa osewera kuti avote, monga anachitira Emery posankha Xhaka. Kulandidwa kwachitika katatu m'zaka za posachedwa: William Gallas mu 2008 atadzudzula anzake poyera, Xhaka mu 2019 pa nkhani tatchula pamwambayi, ndi Aubameyang mu Disembala 2021 pa nkhani ya mwambo. Ødegaard anapatsidwa udindowu mu Julayi 2022.

Nambala ya jezi siyenderana ndi ukaputeni. Wosewera amasunga nambala imodzi sizoni yonse, choncho musanasindikize dzina pa jezi yatsopano dikirani msika utsekedwe. Nambala 14 ya Henry yavalidwapo ndi Walcott, Aubameyang, Nketiah ndi Viktor Gyökeres. 10 ya Bergkamp inadzera kwa Gallas, Van Persie, Wilshere, Özil ndi Smith Rowe isanafike kwa Eberechi Eze mu 2025.

Kodi timu ya amayi ndi ya Arsenal yomweyi?

Inde, koma ili ndi mphunzitsi, ligi ndi masiku a msika akeake, choncho mukamva kuti Arsenal yasaina wosewera, werengani bwino kuti ndi timu iti. Inatenga chikho chachikulu cha ku Ulaya mu 2007, ndipo inachitenganso mu Meyi 2025 ku Lisbon, itagonjetsa Barcelona 1-0 ndi chigoli cha Stina Blackstenius, mphunzitsi ali Renée Slegers. Mu semifainolo inatulutsa Lyon, timu imene Tabitha Chawinga anali atalowa mu 2024: inagonja 2-1 ku London, n'kukapambana 4-1 ku France.